Chery, Haval, Geely kapena BYD: mbiri ya kampani ikuthandizeni kusankha galimoto ya ku China

Kuseri kwa garaji ina ku Biwi kuli galimoto yomwe yakhala pa njerwa kuyambira dzinja lathali. Penti yake ikadali yowala, mipando ilibe ngakhale kachibowo, koma pansi pake pamera chisoso ndipo anyamata a pagarajipo amayanikapo maovolosi. Ndi ya ku China, ya mtundu wina womwe unagulitsidwako pang'ono ku Joni kenako eni ake n'kulongedza katundu. Chavuta ndi kachipangizo kamodzi ka mu giyabokosi, kochepa ngati bokosi la machesi. Makaniko wake anandionetsa kakufako, kokulungidwa mu jumbo. Kayenda m'mashopu onse a masipeya mu Lilongwe, chithunzi chake chafika pa WhatsApp mpaka ku Johannesburg, koma palibe amene ali nako.

Musathamangire kunena kuti za ku China n'zachabechabe. Mu 2023 dziko la China linagulitsa kunja magalimoto pafupifupi 5 miliyoni n'kupitirira Japan, ndipo amene muli ku Joni mukudzionera nokha ma Haval ndi ma Chery atadzaza msewu wa N1. Nkhani ndi yakuti dzina limodzi lomwelo lingakhale pa galimoto ziwiri zosiyana ngati usana ndi usiku. Makampaniwa anayamba ndi kukopera za anzawo, kenako anaphunzira kupanga zawozawo, ndipo kusinthako kunachitika m'zaka zosakwana 20. Wogula ayenera kudziwa kuti galimoto yomwe akuiloza ndi ya nyengo iti ya kampaniyo.

Zoyezera zathu

Mtengo. Osati wa pa galasi wokha. Muwerengere kuinyamula, msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, komanso zimene mudzapeze tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa.

Kupezeka. Kuno timayendetsa kumanzere kwa msewu, choncho chiwongolero chimayenera kukhala kumanja. Magalimoto a m'misewu ya ku China ali ndi chiwongolero kumanzere. Ndiye mukaona yotchipa pa intaneti yochokera ku Guangzhou, funso loyamba ndi limenelo. Za chiwongolero chakumanja zimapangidwira misika ngati South Africa, Britain, Australia, Thailand ndi Malaysia, ndipo kwa ife khomo lalikulu ndi South Africa.

Kasamalidwe. Ndani angaikonze, ndipo masipeya achokera kuti.

Chiopsezo. Chitetezo pangozi, komanso ngati kampaniyo ili ndi chizolowezi chosiya makasitomala padzuwa.

Chery

Inabadwa mu 1997 mumzinda wa Wuhu, m'chigawo cha Anhui, ndipo anaiyambitsa ndi akuluakulu a boma la mzindawo. Anagula makina akale opangira injini ku fakitale ya Ford ku Britain, thupi la galimoto yoyamba analitengera pa SEAT Toledo ya ku Spain, ndipo anakopa injiniya wina, Yin Tongyue, kuchoka ku FAW-Volkswagen kuti adzatsogolere ntchitoyo. Galimoto yoyamba inatuluka kumapeto kwa 1999. Mu 2001 anali atatumiza kale magalimoto ochepa ku Syria, ndipo kuyambira pamenepo Chery yakhala kampani yoyang'ana kwambiri misika ya kunja.

Imene inaitchukitsa ndi QQ ya mu 2003, kagalimoto ka maso ozungulira. Kanafanana kwambiri ndi Daewoo Matiz moti General Motors inasuma, ndipo mlanduwo anakaumalizira kunja kwa khoti mu 2005. Nthawi yomweyo Chery inali ikuphunzira kupanga injini zake, zotchedwa Acteco, mothandizidwa ndi kampani ya AVL ya ku Austria. Mu 2012 inagwirizana ndi Jaguar Land Rover kupanga magalimoto limodzi ku China. Ku South Africa inalowa mu 2008, inazimiririka patapita zaka pafupifupi khumi, n'kubwereranso mu 2021 ndi Tiggo 4 Pro. Omoda ndi Jaecoo mukuzionazo ndi ana a m'nyumba yomweyo.

Mtengo: Apa ndi pamene Chery imakolera anthu. Tiggo 4 Pro inayamba kugulitsidwa ku South Africa pamtengo wosafika R300,000, pomwe inali ndi zinthu zimene ena amalipiritsa padera. Yogwiritsidwa kale ntchito imatsika mtengo msanga kuposa Toyota ya zaka zomwezo. Kwa wogula ndi mwayi, kwa wogulitsa ndi misozi.

Kupezeka: Ma Tiggo a kuyambira 2021 ndi ambiri ku Joni, atsopano ndi akale omwe. Ma QQ ndi ma Tiggo a nyengo yoyamba akadalipo, ndipo mtengo wake umachititsa kaso.

Kasamalidwe: Tiggo 4 Pro ili ndi injini ya 1.5, ina ya turbo ina yopanda, ndipo ya otomatiki yake kawirikawiri ndi CVT, giyabokosi yoyendera lamba m'malo mwa magiya owerengeka. Amakaniko athu anaizolowera CVT chifukwa cha magalimoto a ku Japan, koma imafuna oyilo wake weniweni, osati aliyense wofiira wa pamsika. Ku South Africa Chery inalengeza waranti ya injini ya zaka 10 kapena makilomita 1 miliyoni. Werengani timalemba tating'ono: ndi ya mwini wake woyamba, ndipo sevisi iyenera kuchitikira kwa ogulitsa ovomerezeka. Mukaigula kwa munthu n'kuidutsitsa pa Mwanza, musaiwerengerenso waranti imeneyo.

Chiopsezo: Mu 2017 bungwe la Global NCAP linawombetsa pakhoma magalimoto asanu otchipa a ku South Africa, ndipo Chery QQ3 sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi. Inalibe ma airbag. Imeneyo ndi ya nyengo yakale, ndipo ine sindingakwezemo ana anga kupita ku Mzuzu. Zatsopanozi ndi zina ndithu, koma sizinakalambe mokwanira kuti tione mmene zimakhalira zikadutsa makilomita 200,000 m'misewu ya maenje. Komanso kampaniyi inachokapo kale kamodzi pamsika wa kuno kummwera.

Great Wall ndi Haval

Iyi ndiitenga nthawi chifukwa ndi imene ili ndi mizu yozama m'dera lathu lino.

Inayamba mu 1984 ku Baoding, m'chigawo cha Hebei, ngati kamalo kokonzera ndi kusintha magalimoto. Wei Jianjun anaitenga mu 1990 ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, kampaniyo ili m'ngongole. Sanalimbane ndi akuluakulu pa magalimoto a mabwana. Anasankha pikiapu yotchipa ya alimi ndi amalonda ang'onoang'ono, Deer, yomwe inatuluka mu 1996 ikuoneka ngati Hilux ya masiku amenewo. Mu 2005 kunabwera Hover, galimoto yaitali ya banja, ndipo dzinalo ndi lomwe linadzasanduka Haval. H6 inatuluka mu 2011 n'kukhala patsogolo pa magalimoto a mtundu wake ku China kwa zaka zambiri zotsatizana. Mu 2013 Haval inaimitsidwa payokha ngati dzina. Mu 2020 Great Wall inagula fakitale ya General Motors ku Rayong, m'dziko la Thailand, komwe chiwongolero chili kumanja ngati kwathu.

Ku South Africa inafika mu 2007 ndipo siinachokepo. Pa magalimoto a ku China chimenechi ndi chinthu chachikulu kuposa mawilo onyezimira, chifukwa kukhalitsa pamsika kumabala zinthu ziwiri: mashopu a masipeya osakhala a kampani, ndi malo ophwasulira magalimoto angozi komwe mungapeze chitseko kapena nyali pamtengo wa munthu wamba.

Mtengo: Haval Jolion inalowa mu 2021 pafupifupi R300,000. Ma pikiapu a P-Series amatchipa poyerekeza ndi Hilux kapena Ranger ya msinkhu womwewo. Mwa zinayi zili pano, Haval ndi imene simungavutike kwambiri kuigulitsanso, poti dzinalo anthu analimvapo.

Kupezeka: Palibe vuto. Ma pikiapu a Steed ndi P-Series, komanso Jolion ndi H6, zonse zilipo ku Joni zambirimbiri.

Kasamalidwe: Apa pali magalimoto awiri m'dzina limodzi. Steed yakale ya petulo ya 2.2 ili ndi injini yotengera Toyota 4Y, ija inkayendetsa ma Hiace ndi ma Hilux akale. Makaniko wa ku Ndirande akatsegula boneti amamwetulira, chifukwa wakumana ndi mnzake wakale. Ina inali ndi injini ya 2.4 ya Mitsubishi. Jolion ndi H6 ndi nkhani ina: turbo, makompyuta ambiri, ndi giyabokosi ya otomatiki ya makilatchi awiri, yotchedwa DCT, ya magiya 7. DCT imasintha magiya mwachangu pamsewu wotseguka, koma siikondwa ndi kukwawa. Mukamayenda pang'onopang'ono mumzere wa magalimoto m'mawa uliwonse, kapena mukamakwera chitunda cha matope phazi lili theka, makilatchi ake amatentha. Ikafa, si ya kukonzera pansi pa mtengo wa mango. Chinanso chimene eni ake ambiri ku South Africa amadandaula ndi mafuta: imamwa kuposa zolembedwa m'kabuku. Kwa ife amene tinagonapo pamzere wa petulo, limenelo si dandaulo laling'ono. P-Series ya dizilo ya otomatiki ili ndi giyabokosi ya magiya 8 ya kampani ya ZF ya ku Germany, ya mtundu wokhazikika, ndipo ine ndimaikhulupirira kuposa DCT pa ntchito yolemetsa.

Chiopsezo: Mu 2020 Global NCAP inayesa Steed 5 yotchipitsitsa ya ku South Africa, ndipo inatuluka yopanda nyenyezi pa chitetezo cha akuluakulu. Haval H1 inapeza ziwiri. Koma Jolion ndi H6 zatsopano zinapeza nyenyezi zisanu ku bungwe la ANCAP ku Australia. Kampani imodzi, zaka zoyandikana, zotsatira zakumwamba ndi pansi. Chenjezo lake ndi lakuti nyenyezi za ku Australia ndi za galimoto yokhala ndi zida za ku Australia. Yotchipa ya msika wina ingakhale ndi ma airbag ochepa, choncho muwerenge nokha. Kwa amene mukonza zakale: mu 2012 ku Australia magalimoto oposa 20,000 a Great Wall ndi Chery anapezeka ndi asibesitosi m'magasiketi a injini ndi a ekizozi. Mukamapala gasiketi yakale ya magalimoto a zaka zimenezo, inyowetseni, musapume fumbi lake.

Geely

Mbiri yake ndi yokoma kuposa zonse, koma kuno ili ndi phindu lochepa. Li Shufu anayamba mu 1986 ku Taizhou, m'chigawo cha Zhejiang, kupanga zipangizo za mafiriji. Anapita ku njinga zamoto, ndipo mu 1998 anatulutsa galimoto yoyamba, Haoqing, boma lisanamupatse n'komwe chilolezo chonse chopangira magalimoto. Chilolezocho chinabwera mu 2001. Patangotha zaka 9, mu 2010, munthu wa mafiriji uja anagula Volvo kwa Ford pa madola 1.8 biliyoni. Mu 2013 anatenga kampani yopanga matakisi akuda a ku London, ndipo mu 2017 anagula 49.9 peresenti ya Proton ya ku Malaysia ndi 51 peresenti ya Lotus.

Chimene Geely inagula kwenikweni ndi nzeru. Injini ya 1.5 turbo ya masilinda atatu ya mu galimoto yawo ya Coolray anaipanga pamodzi ndi mainjiniya a Volvo.

Mtengo: Zakale monga LC, MK ndi Emgrand EC7 zimagulitsidwa motchipa kwambiri, ndipo pali chifukwa chake. Zatsopano zili pamzere umodzi ndi Haval ndi Chery.

Kupezeka: Geely inagulitsako magalimoto ku South Africa, inachoka, n'kubwereranso mu 2025. Pakatipo inalowera khomo lakumbuyo: Proton X50 ndi Coolray yovala chipewa china, ndipo X70 ndi Geely Boyue. Popeza ku Malaysia chiwongolero chili kumanja, ma Proton ndi amene mungakumane nawo.

Kasamalidwe: Luso la mkati ndi labwino, koma magalimoto ake ndi ochepa m'misewu ya kuno, ndiye masipeya ndi oitanitsa. Kuitanitsa kumafuna ndalama zakunja, ndipo amene munayesapo kupempha madola kubanki mukudziwa kutalika kwa ulendowo.

Chiopsezo: Kutsala ndi galimoto yamasiye.

BYD

Iyi sinayambe ngati kampani ya magalimoto. Wang Chuanfu, katswiri wa za mabatire, anaiyambitsa mu 1995 ku Shenzhen, ndipo inalemera popanga mabatire a mafoni. Mu 2003 inagula kakampani ka magalimoto ka Qinchuan ku Xi'an. F3 ya mu 2005 munthu ukanaiona patali ukanati ndi Corolla. Mu 2008 kampani ya Warren Buffett, mpondamatiki wa ku America, inagula pafupifupi 10 peresenti ya BYD, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho kunatuluka F3DM, yoyendera petulo ndi magetsi otchaja pakhoma. Batire yawo ya Blade inabwera mu 2020. Mu March 2022 anasiyiratu kupanga magalimoto oyendera petulo yekha, ndipo m'miyezi itatu yomaliza ya 2023 anagulitsa magalimoto a magetsi okhaokha ambiri kuposa Tesla.

Mtengo: Wokwera polowa, wotsika poyenda. Atto 3 inafika ku South Africa mu 2023 pamtengo wopitirira R750,000, ndalama zogulira ma Tiggo 4 Pro awiri n'kutsalako. Dolphin ndi yotsikirapo. Zimene mumapulumutsa ndi za petulo ndi sevisi, koma zimabwerera pang'onopang'ono, ndipo zimabwerera kwa munthu amene amayenda kwambiri.

Kupezeka: Ku Britain ndi ku South Africa zilipo, za chiwongolero chakumanja. Zogwiritsidwa kale ntchito zikadali zochepa.

Kasamalidwe: Ya magetsi okhaokha ilibe oyilo wa injini, mapulagi, kilatchi kapena ekizozi. Zotsala ndi matayala, mabuleki ndi mashoko, ndipo popeza batire ndi yolemera, matayala ndi mashoko amagwira ntchito yaikulu pa maenje. Nkhani yeniyeni ndi kutchaja. Batire yaikulu ya Atto 3 ndi ya 60 kWh, ndipo pamayeso a ku Ulaya imayenda makilomita 420. Pa soketi wamba ya m'nyumba, kuidzaza kuchokera pansi kumatenga kupitirira tsiku lathunthu. Ndi chotchajira cha pakhoma cha 7 kW, usiku umodzi ukwana, malinga magetsi a ESCOM akhalepo usiku wonsewo. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300. Mungafike, koma mufike mukudziwa kumene mukatchaje, ndipo zitunda za ku Ntcheu ndi Dedza zimadya batire kuposa msewu wa mayeso. Za mitundu iwiri, zoyendera magetsi ndi petulo, monga Sealion 6 ndi pikiapu ya Shark 6, zimachotsa nkhawa imeneyi chifukwa zili ndi thanki ya petulo, koma mwasenza makina awiri m'galimoto imodzi, ndipo onsewo angafune dokotala.

Chiopsezo: Pa ngozi ili bwino, Atto 3 inapeza nyenyezi zisanu ku Euro NCAP mu 2022. Batire ya Blade ndi ya mtundu wa LFP, umene sugwira moto msanga ngati mitundu ina. Koma batireyo ili pansi pa galimoto, pomwe mahampu athu osapentedwa ndi miyala ya m'misewu yafumbi zimamenya. Ndipo mawaya ake amtundu wa lalanje amanyamula mphamvu yopha munthu. Si a mnyamata wa ma alamu ndi mawailesi kuti ayesereko.

Mawu awiri pa MG

Abale a ku Britain afunsa za MG, poti ili ponseponse kumeneko. Dzinali ndi la ku Oxford, la m'zaka za m'ma 1920, koma MG Rover itagwa mu 2005 inagulidwa ndi Nanjing Automobile, yomwe inalowa mu SAIC ya ku Shanghai mu 2007. MG ZS kapena MG4 ya lero ndi galimoto ya ku China. Ku Britain imabwera ndi waranti ya zaka 7 ndipo okonza ndi ambiri. Kuikweza sitima kuti ikatumikire makolo ku Nkhotakota ndi nkhani ina, chifukwa warantiyo siwoloka nyanja.

Ndiye mutenge iti?

Ngati muli ku Joni, muli ndi mapepala ndi ntchito yokhazikika, ndipo galimotoyo idzakhala konko: Tiggo 4 Pro kapena Jolion yatsopano ndi yanzeru. Waranti ikugwira, okonza ali pafupi. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu yothithikana, ndingatsamire ku CVT ya Chery kapena ya magiya apamanja. Ngati mukudziwa kuti mudzaigulitsa pakatha zaka zitatu, Haval.

Ngati mukugula kuti mubwere nayo kumudzi: Haval kapena pikiapu ya Great Wall, ndipo musadutse pa Beitbridge chimanjamanja. Ikani m'buti mafyuluta a sevisi ziwiri kapena zitatu, mabuleki, lamba wa injini ndi oyilo wa giyabokosi. Pezaninso m'bale wodalirika ku Johannesburg amene angamakweze sipeya pa basi. Ya magiya apamanja ikapezeka, itengeni.

Ngati ndinu mlimi kapena wamalonda wofuna chonyamulira matumba a chimanga ndi feteleza pamtunda waufupi, ndipo thumba ndi lopyapyala: Steed yakale ya 2.2 ikonzeka paliponse. Koma muziidziwa kuti ndi ngolo ya katundu, osati yonyamulira banja pa M1 usiku. Ndalama zikalola, P-Series ya dizilo.

Ngati mumakhala mu Lilongwe kapena Blantyre, maulendo anu ndi a kunyumba, kusukulu kwa ana ndi kuofesi, muli ndi mpanda, sola yamphamvu padenga, ndi galimoto ina ya maulendo ataliatali: BYD ya magetsi ikupumitsani ku mizere ya mafuta. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, dikirani kaye, kapena yang'anani ya mitundu iwiri.

Geely kapena Proton ndi ya munthu amene ali pafupi ndi wogulitsa wovomerezeka ndipo waona ndi maso ake shelefu ya masipeya. QQ, LC, MK ndi anzawo a nyengo yoyamba asiyireni amene ali ndi ina yofanana nayo yophwasula.

Ndipo ngati iyi ndi galimoto yanu yoyamba, ndalama zake mwasonkha zaka zinayi, mumakhala ku Chitipa kapena ku Nsanje, ndipo ikaima ndiye kuti bizinesi yaima: pitani kwa makaniko amene adzaikonze, mutchulireni dzina la galimotoyo musanalipire. Akayamba kukanda mutu, bwererani ku Probox kapena Sienta ya pa Dar es Salaam.